Tonse Tinavala Magolovesi Ofanana

Wabweranso mwana uja wa ku yunivesite,
Tamsin Okerlund, nsapato zili chipale chokhachokha.
Waika kamakina kojambulira mawu pambali pa mapiritsi anga
n'kufunsa motsitsa mawu ngati wodzapala moto:
Bambo Saarinen, usiku uja pa phiri la ku Korea,
anatola bomba lija ndani?

Chikalata chimati ndine.
Chili pakhoma apo, m'galasi,
chosainidwa ndi munthu amene sindinamuonepo.
Chimati Kopolo Wendell Saarinen wa gulu la Marini,
posasamala za moyo wake,
anatola bomba la adani nalibweza kumene linachokera,
napulumutsa anzake asanu ndi mmodzi.
Andiwerengera mawu amenewa m'masukulu, m'matchalitchi,
m'maholo onse a muno mu Duluth,
moti ndikatsinzina ndimaliona dzanja likutola.
Koma dzanjalo lili m'golovesi,
ndipo tonse tinavala magolovesi ofanana.

M'dzenje lija tinalimo awiri,
ine ndi Eusebio Lucero wa ku New Mexico,
amene ankadana ndi chisanu kuposa adaniwo.
Ankafungatira kachitini ka nyemba m'khwapa kuti kasungunuke,
akung'ung'udza kanyimbo kamodzi komweko usiku wonse.
Kenako malipenga, kukuwa, mdima bii,
kanthu kanagwa pakati pathu, khu!
Kenako kuwala.
Kenako zii.

Kaputeni Pruitt analemba lipoti patatha milungu itatu
ali gone m'sitima ya odwala, mutu uli m'mabandeji.
Anafunsa sajeni,
sajeni anafunsa mnyamata wa wailesi,
mnyamatayo n'kuti usiku umenewo ali chafufumimba kuseri kwa thanthwe.
Poitana mayina m'mawa mwake, wovomera ndinali ine.
Lucero anatsika phiri atamangiriridwa pa jipi,
atauma gwa ngati chikuni.

Tamsin wabwera ndi kalata yofiirira,
akuti anaipeza m'bokosi la nsapato ku Ohio.
Msilikali wina analembera amake kuti:
anatipulumutsa ndi mnyamata woyimbayimba uja.
Wabweranso ndi mapu oika dzenje lathu mbali ina ya phiri,
ndi pepala lina lonena kuti mabomba anali awiri.
Awiri! Ndiye mwina tonse.
Mwinanso mmodzi anatola kawiri
mnzake ataphimba kumaso.

Onani dzanja langali, zala ziwiri palibe.
Dokotala wa pa sitima analemba kuti chinadula ndi chisanu.
Wa ku Japan analemba kuti ndi zidutswa za bomba.
Thupi langa lomwe likupereka umboni pawiri.

Akuti likulu silisintha dzina popanda mboni zoona ndi maso.
Ndaseka mpaka kutsokomola.
Mboni zili pansi pa miyala yoyera, mwana wanga,
zinafola bwinobwino pamzere, koma sizivomera.
Yatsala ndine ndekha,
mboni yodyera pa mlandu womwewo.

Mdzukulu wa mlongo wake wa Lucero anandilembera chaka chatha.
Sanapemphe mendulo.
Anangofunsa ngati malume awo ankaopa.
Sindinayankhebe.

Mendulo ndimaisunga m'dirowa la masokosi.
Mkazi wanga ali moyo ankaipukuta chaka ndi chaka,
ine ndikuyang'ana kunja.

Zimitsani kamakinako.
Ayi, kasiyeni, lembani ichi,
chokhacho chimene ndingalumbirire osaphethira:
kutacha, ndinapisa dzanja m'jekete la Lucero
kufuna chitupa chake,
ndinapeza kachitini kaja m'khwapa.
Nyemba zinali zitasungunuka.
Zinali zofundabe pang'ono.
Ndinadya zonse.