Waya Wopita Pansi

Ndinazula malata a bambo, odyeka ndi dzimbiri,
ndinakhoma siling'i, ndinapaka penti
mpaka nyumba inaiwala utsi wa koloboyi.
Ndalama za kachewere, zaka ziwiri zathunthu,
zinalowa m'khoma ngati chiswe.

Lachitatu, nkhungu isanachoke ku Bembeke,
anafika Mayi Ngozo ndi kachikwama kakuda.
Matailosi sanawaone.
Chitseko cha mlombwa anangochikankha.
Anagwada pakona, namasula soketi
ngati namwino wotsukula bala.

"Analumikiza ndani?"
Ndinati Filimoni, mwana wa amalume,
anaphunzira ndi maso ku Joni.
Anasolola waya woonda ngati mtsitsi,
mfundo yake yokulungidwa ndi pepala la shuga.

"Wofiira ulipo. Wakuda ulipo.
Nanga wopita pansi uli kuti?
Moto ukasochera m'nyumba muno
udzathawira mwa yani?"

Sungeni anali chiimire pakhomo la bafa,
mapazi ali chinyowere, opanda patapata.
Ndinameza malovu.

Pepala analemba, koma sanadinde.
"Ndibweranso mwezi ukatha.
Itanani munthu wa chiphaso."

Madzulo ndinagwira ndodo yamkuwa
m'misiri akukhoma kuseli,
pafupi ndi pichesi amene bambo anabzala.
Nthaka inangolandira, osafunsa.

Usiku uno tayatsanso kandulo
m'nyumba ya masiwichi khumi ndi awiri.
Mphepo ya Juni ikulowa pansi pa chitseko.
Mwana sakugona,
ndikumumva m'kolido akudina, akudinanso,
thi, thi, mumdima,
kuyeseza tsiku lake.