Belo la Majuzi

Ndinatsegula belo Lolemba loyamba la Epulo
ndi mpeni wobwereka kwa Efelo wa nsapato.
Waya unangoti thapu, majuzi anatukumuka,
akununkha mankhwala ndi makabati a anthu osawadziwa.
Ndinawawerenga kawiri: zana limodzi ndi makumi anayi.

Chaka chilichonse nthawi ngati ino
m'mawa umayamba kuluma m'makutu.
A kabaza amafika manja ali m'khwapa,
alonda a ku Area 3 amadzera pano asanakagone
n'kufunsa, iyi ya khosi lalitali mukuchita bwanji?
Ndinkadalira zimenezo
pokatenga ngongole ku banki m'khonde.

Koma taonani.
Dzuwa la Okutobala lasochera,
labwera kudzakhala mu msika wa Tsoka
ngati nalonso linalipira benchi.
Teni koloko isanakwane malata ayamba kulira,
mnyamata wa mafilizesi wabwerera kale kukatenga ena,
ine ndikupinda ubweya, ndikuupindanso,
thukuta likutsetsereka mumsana.
Munthu akaima amangogwira mkono wa juzi,
kuseka, n'kumapita.

Masana mitambo imaunjikana cha ku Bunda.
Mvula imene tinatsanzikana nayo mu Malichi
imabwerera ngati mlendo woiwala chipewa,
ndipo ikalowa imakhalanso pansi.
Timathamanga ndi mapulasitiki.
Mtsinje wa Lilongwe umafiira pansi pa milatho yamatabwa,
wolipiritsa pa mlatho amapinda buluku mpaka m'mawondo.

Wayilesi ya Efelo imayenda dziko lonse ndi pakamwa.
Ku Karonga madzi akwera m'minda ya mpunga,
Lusayo wa benchi yachitatu wasiya kutafuna,
ndi kwawo.
Ku Mzuzu mawawa.
Ku Nsanje mbuzi zikukanganirana mthunzi wa ngolo.
Ku Dedza, inde ku Dedza,
akuti anthu akugona osafunda.
Dziko ndi limodzi, lalitali ngati munthu wogona chagada,
kumutu lanyowa, kumapazi likupsa,
ife a pamchombo tikulandira zonse ziwiri.

Mlongo wanga waimba kuchokera ku Mitundu.
Chimanga chinali chitauma pa phesi,
tsopano chada m'makoko.
Mtedza ukumera usanakumbidwe.
Fodya m'chigafa wagwira nkhungu.
Anazungulirazungulira, kenako anafunsa
ngati ndingamuponyereko kangachepe pa foni.
Ndinayang'ana mulu wanga wa majuzi
ndi kumuuza kuti netiweki ikuvuta.

Lachisanu a Nachisale abwera ndi kope lawo.
Iwo sayang'ana mitambo,
amawerenga masabata.

Lero ndagulitsa imodzi,
yobiriwira, yosowa batani lapansi,
kwa dalaivala wa thiraki yopita ku Joni.
Akuti kumeneko kwayamba kale kuzizira.
Ndinafuna kumufunsa kuti kuzizirako
kumayenda masiku angati kuti kufike kuno,
ndi mapepala otani amene akukufunsa pa Mwanza,
koma anali akuwerenga chenji.

Usiku ku Kawale tulo sitibwera.
Ndimatuluka pakhonde, kukweza mkono m'mwamba
ngati mwana wodziwa yankho m'kalasi.
Dzulo, atambala asanayambe,
kamphepo ka kummwera kanandikhudza pa chigongono.
Kapena ndinangofuna kuti kandikhudze.

Ndinalowa m'nyumba.
Tiyanjane anali atakankhira nsalu kumapazi,
pamphumi pali mikanda ya thukuta.
Ndinamufunditsa.
Anaikankhanso.