Tsamba

Chiperoni chagona pa Chitakale masiku atatu,
malata akudontha pakona pomwe ndimachajira laputopu.
Ntchito ndili nayo imodzi:
tsamba la pa intaneti la kalabu ya alimi a tiyi a kwa Mabuka,
kuti mlimi akathyola tsamba lake, sikelo ikalankhula,
madzulo aone makilo ake pa foni
osadikira kope la kalaliki lonyowa m'mphepete.

Tsamba ndi tsamba, amatero Wedisoni poseka,
kungoti lako silifota.

Koma nyumba siyambira kudenga.
Pafunika chimango, ndipo zimango zachuluka
kuposa zinanazi za pamsika wa Limbuli.

Choyamba ndi chija cha aliyense.
Olemba ntchito ku Blantyre amachitchula m'zotsatsa zawo.
Ukakakamira pakati pa usiku,
wina kutsidya kwa nyanja anafunsa kale, anayankhidwa kale.
Ndimachikonda, sindibisa.
Zala zanga zimachidziwa ngati njira ya kumjigo:
ndikasintha mzere umodzi,
sikirini yasintha ndisanameze tiyi.
Ndinamanga Lachiwiri, tsamba linawala.

Lachitatu ndinapita nalo kwa Mai Namakhwa.
Foni yawo ndi yong'aluka pakona, yomanga ndi mphira wa chubu.
Netiweki kumeneko ndi mlendo wamanyazi,
kandodo kamodzi, tiwiri ukakwera pachulu.
Tinadina. Kabwalo kanayamba kuzungulira.
Kanazungulira.
Iwo anatula dengu, anafinya chitenje,
anafunsa za mwendo wa amayi anga.
Kanali kakuzungulirabe.
Kenako uthenga: bandulo yanu yatha.
Ndalama ya mchere ndi machesi
yadyedwa ndi tsamba lomwe silinatseguke n'komwe.
Sanakalipe. Anangofunsa:
Kodi chimenechi chimayamba chadya chisanagwire ntchito?

Ndinabwerera pa kabaza, msana uli zii.
Ndinakumbukira malume anga, onyamulira alendo katundu ku Likhubula.
Asanayambe chitunda cha ku Chambe
ankakweza chikwama ndi dzanja limodzi
n'kufunsa mwini wake: zonsezi mukazigwiritsa ntchito pamwamba paja?
Wolongedza ndi wina, wosenza ndi wina.
Ine ndinali wolongedza.

Chachiwiri ndi chaching'ono, chosatchuka.
Chimasendera makoko onse pa laputopu yanga pomwe
n'kutumiza kwa mlimi chodyedwa chokhachokha.
Koma chikadwala, asing'anga ake ndi owerengeka.
Usiku wa Lachinayi chinandikanira pa kabokosi ka madeti.
Ndinafufuza mpaka tambala woyamba,
yankho n'kulipeza m'chinenero chomwe sindichimva.
Wedisoni anati: ukudzipha.
Ukadzachoka, adzachikonza ndani?
Nanga pa kalata yofunsira ntchito udzalembapo chiyani?
Sananame, n'chifukwa chake zinandiwawa.

Ndinayeza ngati kalaliki:
kutopa kwanga mbale iyi,
mabandulo a anthu mazana atatu mbale inayo.
Sikelo sinachite chibwibwi.
Ndinachotsa zilembo zovina,
ndinachotsa chithunzi cha phiri chomwe ndinaika pamwamba.
Phirilo amaliona okha akangotsegula chitseko.
Ndinalemba ndemanga mzere ndi mzere
kuti wodzabwera pambuyo panga asadzanditukwane kwambiri.

Loweruka, pachulu pomwe paja.
Anadina ndi chala chodetsedwa ndi utomoni wa tiyi.
Ndisanatulutse mpweya, nambala inali itaima kale:
makilo makumi anayi.
Ndinadikira kuti ayamikire liwiro,
mausiku anga, maso anga ofiira.
Anayang'anitsitsa, milomo ikuwerenga,
kenako anamangirira foni pansonga ya chitenje.

Dzulo ndinathyola makumi anayi ndi awiri.
Kalaliki uja ali kuti?