Wotchi ya ku Chipatala cha Tete

Kalata ya ku Ulongwe ndinaipinda kanayi
n'kuiika m'thumba la kumanzere,
lomwe sindisungamo timisomali ta mawotchi.
Inagona momwemo miyezi isanu.
Tsiku limene anatiitana
chidindo chake chinali chitasungunuka ndi thukuta.

Tinatsika mapiri ndi shapa ya m'mbandakucha,
ine ndi achemwali anga a Felizimina,
poti anati: mubwere ndi munthu
amene anakuonani mukukwawa.
Amayi anatsogola kale, ali ku Domwe pansi pa mibawa.
Mphepo ya kwathu inatisiya pa Musakama.
Pa Moatize sitima ya malasha inatidutsa,
ndinawerenga mabogi ake mpaka mtima unakhala pansi.

Ndinkayembekeza jakisoni.
Ndinkayembekeza kuti atenga magazi, aunika mutu ndi makina.
Koma munali tebulo, mipando itatu,
fani yolira kwe! ikazungulira kasanu ndi kawiri,
ndi wotchi ya pakhoma yotsalira mphindi zisanu ndi zinayi.

Dotolo Matsinye amayankhula Chipwitikizi,
namwino n'kumatembenuza.
Ine ndinkayang'ana batani la pakhosi pawo.
Sananene kuti ndiyang'ane kuno, mwana wopanda mwambo iwe,
monga ankanenera aphunzitsi.
Anangolemba.

Bambo Zeferino, phokoso limakutanini?
Chigayo chimandiboola mano.
Nanga ukwati, maliro, msika wa Loweruka?
Ndimapita. Pobwerako ndimagona masiku awiri.
Mnzanu wapamtima ndani?
Ndinaganiza nthawi yaitali
mpaka fani inalira kakhumi.

Anandipatsa buku lopanda mawu kuti ndifotokoze nkhani yake.
Ndinawauza kuti njinga ya patsamba lachitatu ilibe tcheni.
Nanga mnyamatayu akumva bwanji mumtima?
Sanandiuze, ndinayankha.

Kenako inafika nthawi ya achemwali.
Anati: uyu anayankhula ali ndi zaka zinayi.
Ankandanditsa zitsekerero za mabotolo pakhonde,
ukasuntha chimodzi, kulira mpaka nkhuku kulowa.
Aphunzitsi atati tchera khutu
anafunsa kuti msampha wake uli kuti,
ndipo anamukwapula.
Ena ankati n'kunyada, ena ankati anamulodza.
Tinapita naye kwa asing'anga atatu.
Apa mawu awo anathothoka.
Ine ndinagwira mphini za kuseri kwa khosi langa,
zisanu ndi imodzi, ndimazidziwa ngati zala.

Maola atatu.
Kunja dzuwa la ku Tete linkaphika malata,
mbuzi zitaunjikana pansi pa mlambe.

Yankho silinabwere tsiku limenelo.
Anati aonanso zolembazo ndi anzawo,
tibwerenso pakatha milungu itatu.
Mwina ndi otizimu, mwina ndi china,
mwinanso ziwiri zoyenda limodzi.
Anati: likakhala dzina limenelo,
si matenda oti mumwere mapiritsi,
ndipo simunalakwire munthu.
Zaka makumi atatu ndi zinayi
palibe anandiuzapo mawu amenewo,
ngakhale m'chinenero chobwereka.

Muli ndi funso?
Ndinati wotchi yanu ikunama.
Namwino anaseka, dotolo sanaseke.
Anakwera pampando, naitsitsa, nandipatsa m'manja.
Fumbi chabe ndi batire lotopa.
Ndinaipukuta ndi ngodya ya malaya.

Pamlatho wa Zambezi, pobwerera,
achemwali anati: Zefe, tinkakukalipira kwambiri.
Sindinadziwe choyankha,
ndiye ndinawauza kuti mabogi aja anali makumi asanu ndi atatu.
Anagwedeza mutu ngati ndanena zoyenera.
Sanandigwire dzanja, amadziwa.
Anangosendeza thumba lawo la malambe
kuti ndikhale kuwindo,
kumene mphepo idzayambire kuzizira
tikadutsa pa Musakama.