Chitini cha M'mbandakucha

Folo koloko isanakwane ndatuluka kale m'Bauleni,
njinga yopanda nyali, msewu wa Leopards Hill uli zii,
agalu a m'mipanda okha ndiwo andilonjera.
Ndisanakhudze loko andimva kale:
ziboda gu! gu! pa chitseko,
mphuno zikupemerera mumdima ngati mvukuto.

Ndimayamba ndi madzi. Masiku onse, madzi.
Kenako udzu wouma,
ndiufwanyula, ndiununkhiza ngati wogula fodya,
pakuti chuku sichioneka usiku,
chimadziulula m'mphuno.
Gaga amabwera pambuyo, pang'ono,
udzu utayala kale mphasa m'mimba.

Kavalo amanamiza maso.
Thupi ngati lole,
koma chifu chake kathumba chabe,
ndipo sadziwa kusanza: chalowa, chalowa.
Analengedwa kuti azibudula tsiku lonse mutu uli pansi,
osati kudya ngati mlendo wa paukwati.

Izi ndinaphunzira pa msana wa mnzanga.
Zakeyo ankamukonda Chiphaliwali kuposa muyeso.
Tsiku lomwe anapambana ku Showgrounds
anamuthirira chimanga zitini zitatu
thukuta lisanaume.
Usiku wonse tinamuyendetsa kuzungulira khola,
iye akudzicheukira m'nthiti, akupalasa dothi,
akufuna kudzigwetsa, ife tikukana.
Dokotala Sikazwe anafika atavala jekete pamwamba pa zogonera,
paipi m'manja, mafuta m'chigubu, osapereka moni.
Kavalo anachira.
Zakeyo lero amagulitsa makala ku Chawama,
ndipo tikakumana amafunsa kaye za Chiphaliwali
asanafunse za ana anga.

Nchifukwa chake sindikhulupirira chitini.
Chitini cha gaga ndi chitini cha soya
n'zofanana pakamwa, osati pa sikelo.
Ndimapachika ndowa, ndidikira muvi uleke kunjenjemera,
ndichotsa dzanja limodzi, ndibwezera theka.
Wothamanga ali ndi muyeso wake,
woyamwitsa wake,
ndipo kaulesi kaja konyamula ana Loweruka
kamandiyang'ana ngati ndakabera,
koma khosi lake lanenepa kale ngati mtsamiro.

Kabwata ndiye amandichedwetsa.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi,
mano anatha ngati mphero yakale.
Amatafuna, natafuna, kenako mpira wa udzu
ugwa pansi, wonyowa, wosamezedwa.
Zake ndimaviika ndisanasese:
gaga, zotsala za mpendadzuwa, kadontho ka manyuchi,
mpaka zifewe ngati phala la wodwala.
Mwala wake wa mchere waunyambita
mpaka wakumba chigwa chokwana lilime lake lokha.

Okutobala akafika, dambo limasanduka fumbi,
mtolo wa udzu ukwera mtengo sabata ndi sabata.
Mayi Hamoonga amawerengera pa foni, milomo itauma,
nandifunsa ngati sitingachepetseko.
Sindiyankha. Ndimatenga dzanja lawo
ndikuliyendetsa pa nthiti za Kabwata.
Nthiti, mayi, zizimveka ku zala,
zisaoneke ndi maso.
Chepetsani zina, udzu ayi.
Amapukuta dzanja pa siketi, nayimbira wa lole.

Zelipa wanga amati malaya anga amanunkha switi,
nafunsa chifukwa chake sindimubweretserako.
Ndamulonjeza kuti tsiku lina adzabwera
adzaone nyama imene imadya mwa sikelo
pamene bambo ake masana amadya banzi ndi tiyi wopanda mkaka.

Dzuwa likamatuluka kuseri kwa mabulugamu
khola lonse limakhala phokoso limodzi:
khwachu, khwachu, nsagwada zikupera.
Ndimatsamira Kabwata, khutu pa mimba yake,
ndimvere m'katimo kukugunda ngati mvula ya kutali.
Mimba yachete ndiyo imandiopsa.
Ikalira, ndimatola ndowa zanga
ndikupita kukatunga madzi ena.