Zilembo Zonenepa

NyaZgambo anandiuza: "Usandilembere zoonda
ngati siginecha ya kalaliki.
Wakabaza aziwerenga akutsetsereka,
chifunga chitakuta Chibavi yense."

Ndiye ndinazinenepetsa.
O anatupa ngati ndasi m'mafuta,
B akuyembekezera mapasa,
ngodya zonse ndinazisalaza ndi chala
mpaka penti wachikasu anandilowa m'zikhadabo.

Masiku ano tiyi wake amatha isanakwane naini.

Dzulo kunabwera mmisiri wa ku Matabwa,
utuchi uli m'tsitsi:
akufuna zomwezo pa shopu yake ya mabokosi.
Ndinaviika bulashi, ndinayesa M.
Akuseka.
Ndinafufuta, ndinalembanso,
akusekabe, masaya odzaza,
pamsewu pomwe anamfedwa adzaime
atagwira chingwe choyezera.

Dipoziti yake ndamubwezera m'mawa uno.