Lamulo la Folo Koloko

Masana linkandimvera.
Ndikalilemba ndi zala zanga, thukuta likudonthera pa kiyibodi,
fani ya mu ofesi yathu ya ku Bangula
ikungotakasa mpweya wotentha womwewo,
lamulolo linkathamangira ku Chiromo
n'kubwera ndi manambala a madzi
ngati mwana wotumidwa mchere.

Koma folo koloko m'bandakucha,
nthawi imene ndinaliikira kuti lizidzuka lokha,
linkabwerera chimanjamanja.
Masiku asanu ndi anayi mizere ili mbee,
Ruo akutsika ndi matope ndi mitengo ya eni.

Ndinanamizira netiweki.
Ndinanamizira batire la sola,
mpaka a Alufandika, alonda athu,
kuti mwina amazula waya n'kumatchajira foni.
Anangondiyang'ana, n'kupitiriza kusenda nzimbe.

Kenako, mu fayilo ya zolakwika, kamzere kamodzi:
dzina lokhala ndi chizindikiro cha dola kutsogolo,
kuseri kwake kulibe kanthu.

Kani ine ndikamalowa mu kompyuta
ndimalowa ndi katundu wosaoneka:
pasiwedi, njira ya ku foda, dzina la seva ya ku Blantyre,
zonse zomangidwa pansonga ya chitenje
moti sindizimvanso kulemera.
Lamulo la usiku limadzuka lopanda chitenje.
Silindidziwa ine, silidziwa kumene laima.
Limaitana dzina mumdima, osamva wovomera,
n'kugonanso osadandaula.

Sindinalembe pasiwedi pa lamulo penipeni;
chinsinsi sayanika pa chingwe cha panjira.
Ndinatsegula kafayilo kena pambali,
dzina lililonse ndi chimene lasenza,
n'kukakhoma kuti makina okha ndiwo aziwerenga.
Kutsogolo kwa lamulo ndinawonjezera mawu ochepa:
usananyamuke, yamba watenga izi.

Usiku umenewo tulo sitinabwere.
Mu neti, udzudzu ukulira kunja kwake,
ndinagwira foni ngati dzira.
Folo koloko. Mphindi imodzi. Ziwiri.
Nambala inafika.

Ndinafuna kuseka, koma ndinaiwerenganso.
Madzi anali atakwera kupitirira mzere wofiira.
Ndinayamba kuimbira anthu a ku Makhanga,
mmodzimmodzi, ena akutukwana ndi mawu a tulo,
kuti amasule mbuzi kusanache.

Kutacha ndinagula Fanta wozizira pa golosale ya Nyakuipa
n'kukamuika pa mpando wa alonda.
A Alufandika anamwa theka,
n'kufunsa ngati waya uja wapezeka.